Anafa Asanaponye Nkhonya

Yang Jian Bing anali mnyamata wa zaka 21 wa ku China. Pa 11 Disembala 2015 ankayenera kulowa m'bwalo la Mall of Asia Arena ku Manila, m'dziko la Philippines, kukamenyana ndi Geje Eustaquio pa mpikisano wa kampani ya ONE Championship. Masewera ake anali aja osakaniza nkhonya, mateche ndi kugwetsana, amene amadziwika kuti MMA. Gulu limene ankamenyamo silinkalola munthu kupitirira makilogalamu 56.7, ndipo sabata yonseyo mnyamatayu ankalimbana ndi thupi lake kuti lifike pa mlingowo. Kutatsala tsiku limodzi, anakomoka. Anathamangira naye kuchipatala ku Pasay, madzi atamuthera m'thupi. Tsiku lomwelo limene anthu anagulira matikiti kuti akamuone akumenya, mtima ndi mapapo ake zinaleka kugwira ntchito. Eustaquio sanamukhudze ngakhale ndi chala.

Tikamakamba za kuvulala pa masewera omenyana, maganizo amathamangira ku zooneka ndi maso: mphuno yothyoka, chikope chong'ambika, phewa loguluka, munthu ali gada pansi woyimbira akumuwerengera. Zimenezo zilipodi, ndipo aliyense wovala magolovesi amadziwa kuti wasankha masewera opweteka. Koma pali ngozi ina imene sichokera kwa mdani. Wosewera amabwera nayo yekha, ataikonza ndi manja ake kwa masiku angapo, kochi wake ali pambali kumuchemerera. Ngoziyo ndi ya sikelo. Mwa zonse zimene zimavulaza omenyana, iyi ndi imene ingapewedwe kotheratu, komanso ndi imene eni masewerawa anaizolowera mpaka kuiyesa mwambo.

Chomvetsa chisoni n'chakuti sikelo inabwera kudzateteza anthu. Magulu a kulemera anakhazikitsidwa kuti wamng'ono thupi asamaponyedwe kwa chimphona. Kale omenya nkhonya ankapimidwa m'mawa wa tsiku la nkhonyalo. Kuyambira zaka za m'ma 1980 mabungwe anayamba kupima anthu kutatsala tsiku, poganiza kuti amene wadzimana madzi apeze mpata womwa ndi kudya asanalandire zibakera kumutu. Cholinga chinali chabwino, koma chinatsegula khomo lina. Osewera anaona kuti pakati pa sikelo ndi belu loyamba pali maola 24 kapena kuposerapo. Munthu wa makilogalamu 66 angathe kudzifinya mpaka 57, n'kutsika pa sikelo, n'kumwa, n'kudya, mawa lake n'kulowa m'bwalo ali wamkulu kuposa mnzake amene anabwera ndi kulemera kwake kwenikweni. Mmodzi akachita zimenezo, wachiwiri amaona kuti akapanda kutsatira aphedwa ndi zimphona. Posakhalitsa onse akuchita, palibenso amene akupindula, koma onse akudzipweteka.

Tiyeni timvetsetse chimene chimachoka m'thupi sikelo ikamatsika mofulumira chonchi. Mafuta sachoka msanga. Ngakhale munthu atasala kudya tsiku lathunthu, mafuta amene angasungunuke safika theka la kilogalamu. Choncho mukamva kuti wina watsitsa makilogalamu asanu ndi atatu m'masiku anayi, dziwani kuti gawo lalikulu la zimene zachokazo ndi madzi. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndipo pafupifupi magawo 60 pa 100 a thupi la munthu wamkulu ndi madzi. Apo ndi pamene osewera amakatapa. Amaleka kumwa. Amavala zovala za pulasitiki zosatulutsa mpweya n'kumathamanga kapena kupalasa njinga. Amakhala mu sauna, chipinda chotentha ndi nthunzi, kapena m'bafa la madzi otentha mpaka thukuta litaleka kutuluka. Ena amatafuna chingamu n'kumalavulira m'botolo. Ena amamwa mapiritsi okodzetsa kapena otsegula m'mimba.

Mayi aliyense amene anadwazikapo mwana wotsegula m'mimba, kapena amene anaona kolera italowa m'mudzi, amadziwa nkhope ya munthu wothedwa madzi: maso olowa m'kati, milomo youma, khungu loti ukalitsina silibwerera msanga. Amadziwa kuti zikafika apo palibe kudikira kuti kuche, amasungunula Thanzi ORS n'kubereka mwana kuthamangira kuchipatala. Nkhope imeneyo ndi yomwe mungaione pa sikelo ya mpikisano waukulu, kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko anthu amaiwombera m'manja, ojambula n'kumaitenga zithunzi, akuti mnyamatayu wakonzeka.

M'kati mwa thupi zimayenda motere. Madzi akachepa, magazi nawo amachepa ndi kulimba, ndiye mtima umagunda mofulumira kuti ufikitse pang'ono potsalapo ku ziwalo zonse. Thupi limadziziziritsa ndi thukuta, koma thukuta limafunika kuuma pakhungu kuti lichotse kutentha, ndipo pulasitiki imaletsa zimenezo. Kutentha kumaunjikana m'kati. Kukapitirira madigiri 40, ubongo umayamba kusokonekera, chiwindi ndi impso zimayamba kuonongeka. Mapiritsi okodzetsa satulutsa madzi okha, amatulutsanso mchere wa potaziyamu, umene mtima umadalira kuti uzigunda mwadongosolo. Minofu yogwiritsidwa ntchito mopyola muyeso pa kutentha koteroko imaphwanyika, zinyalala zake n'kulowa m'magazi kukatseka impso zimene kale zikuvutika ndi kusowa madzi. Choopsa kwambiri n'chakuti ubongo wosokonekerawo ndi womwe ukanamuuza munthuyo kuti leka. Pamene ngozi yafika pachimake, mwini thupi ndiye womaliza kuzindikira.

Yang sanali woyamba. Mu 1997, m'masabata asanu okha a Novembala ndi Disembala, ophunzira atatu a m'mayunivesite a ku America ochita masewera ogwetsana anamwalira akutsitsa sikelo. Billy Saylor wa ku Campbell University anali ndi zaka 19, Joseph LaRosa wa ku Wisconsin-La Crosse anali ndi zaka 22, ndipo Jeff Reese wa ku Michigan anali ndi zaka 21. Onse atatu anali atavala zovala zosatulutsa thukuta, atadzimana madzi ndi chakudya, akuchita masewera olimbitsa thupi m'malo otentha kutatsala maola ochepa kuti apimidwe. Thupi la LaRosa linapezeka litatentha kufika madigiri 42. Reese minofu inali itaphwanyika. Amenewa sanali ana osowa owayang'anira. Anali m'sukulu zokhala ndi makochi, zipatala ndi ndalama.

Nkhani ya Leandro Souza wa ku Brazil ndiyo imandikhudza kwambiri, chifukwa m'menemo muli zonse zimene zimagwera womenyana wosauka kulikonse. Mu Seputembala 2013, Souza, wa zaka 26, anaitanidwa kuti akamenye pa mpikisano wa Shooto ku Rio de Janeiro kutangotsala sabata imodzi. Kuti alowe m'gulu limene ankamufunalo, ankayenera kutsitsa makilogalamu pafupifupi 15. Anavomera. Tsiku lopima sikelo anakomokera mu sauna, akulimbana ndi pang'ono potsala, ndipo sanadzukenso. Mpikisano wonse unalephereka.

Munthu angafunse kuti kodi wamkulu wamutu wake angavomere bwanji kutaya makilogalamu 15 m'masiku asanu ndi awiri. Koma amene amadyera nkhonya amadziwa kulemera kwa foni imeneyo. Mwayi umabwera kamodzi pa miyezi ingapo. Ukakana, wokonza nkhonya amaimbira wina, ndipo mawa sakukumbukiranso. Ukavomera n'kulephera sikelo, amakudula gawo la malipiro n'kupatsa mdani wako, mwinanso nkhonyayo n'kulephereka, iwe n'kubwerera chimanjamanja, ngongole ya ulendo ili pakhosi, mbiri yoti ndiwe wosadalirika itafala. Ine sindimuweruza Souza. Ndimafunsa za amene anaimba foniyo akudziwa kulemera kwa mnyamatayo, ndi amene anali naye pakhomo la sauna. Kuitanidwa mochedwa ndi chimodzi mwa zinthu zikuluzikulu zimene zimavulaza omenyana, chifukwa kumamana munthu nthawi yokonzekera komanso kumamukakamiza kufinya m'masiku zimene zikanatenga miyezi.

Komabe tisaganize kuti vuto ndi umphawi wokha. Jessica Lindsay wa ku Perth, Australia, anali ndi zaka 18 ndipo ankamenya Muay Thai, nkhonya za ku Thailand zophatikiza mawondo ndi zigongono, mongokonda masewerawo. Panalibe malipiro oti angadyetse banja. Mu Novembala 2017 anagwa akuthamanga, pofuna kufika pa makilogalamu 64, ndipo patapita masiku anayi anamwalira ziwalo zitaleka kugwira ntchito. Chaka chomwecho mu Malichi, Jordan Coe wa ku Scotland, wa zaka 20, anapezeka atafa m'chipinda chake ku Thailand atavala chovala chotulutsira thukuta. Chimene chinawasunga ana amenewa m'mavuto mpaka mapeto ndi khalidwe lomwe masewerawa amalitamanda: kusagonja. Tsiku lililonse kochi amaphunzitsa wosewera kuti thupi likati latopa usalimvere, ululu ukabwera uluma mano. M'bwalo phunziro limenelo limapambanitsa. Mu sauna limapha, chifukwa chizungulire ndi kuphwanya kwa mutu sizikuyesa kulimba mtima kwa munthu, zikumuuza zoona.

Ngakhale amene ali ndi madokotala apamwamba sazemba. Pa Olimpiki ya ku Paris mu 2024, Vinesh Phogat wa ku India, amene kwa nthawi yaitali ankagwetsana m'gulu la makilogalamu 53, anatsikira m'gulu la 50. Tsiku loyamba anakwanitsa sikelo, anagonjetsa Yui Susaki wa ku Japan amene anali katswiri wa Olimpiki yapitayo, n'kufika mu ndime yomaliza. Koma atamwa ndi kudya kuti apeze mphamvu zogwetsanirana katatu tsiku limodzi, sikelo inakwera ndi makilogalamu oposa awiri. Usiku wonse sanagone. Anathamanga, analumpha chingwe, analowa mu sauna, mpaka anamumeta tsitsi. M'mawa wa pa 7 Ogasiti anapezeka atapitirira ndi magalamu 100. Anamuchotsa mu mpikisano, mendulo inapita, ndipo iye anakathera pa bedi la kuchipatala cha m'mudzi wa osewera chifukwa cha kutha madzi m'thupi. Anthu ambiri anakwiyira lamulo, ati magalamu 100 n'chiyani. Kwa ine funso lenileni linali lina: n'chifukwa chiyani mayi wa luso lotere anaikidwa m'gulu limene thupi lake silikanatha kukhalamo masiku awiri otsatizana?

Tsono amene amafera pa sikelo ndi ochepa. Ochuluka amapulumuka, amamwetulira, amaonetsa minofu, n'kupita kukamwa. Ndipo apa ndi pamene pali bodza limene lazika mizu, lakuti ukangomwa usiku umodzi thupi labwerera mwakale. Sikelo imabwereradi msanga, koma thupi limatsalira. Kafukufuku wa mu 2013 ku America anapima mkodzo wa omenya MMA 40 kutatsala maola ochepa kuti alowe m'bwalo, patatha pafupifupi tsiku lathunthu akumwa ndi kudya, ndipo anapeza kuti 39 pa 100 alionse anali akadali osowa madzi m'thupi. Munthu wotero amatopa msanga. Akatopa manja amatsika, miyendo imalemera, diso limaona nkhonya koma khosi limachedwa kuzemba. Pa judo, wotopa amagwa molakwika, n'kutsamira dzanja kapena mutu. Kafukufuku wina wofalitsidwa mu 2007 pa osewera judo pa mipikisano anapeza kuti amene anatsitsa mofulumira magawo asanu pa 100 a kulemera kwawo, kapena kuposa apo, ankavulala kwambiri kuposa anzawo. Magawo asanu pa 100 kwa munthu wa makilogalamu 60 ndi makilogalamu atatu basi, mlingo umene osewera ambiri amauona ngati wachibwana.

Ena amavulala asanafike n'komwe pa sikelo. Renan Barao wa ku Brazil, amene anakhalapo katswiri wa MMA ku kampani ya UFC, ankayenera kukamenyeranso lamba wake ndi T.J. Dillashaw mu Ogasiti 2014. Podzuka m'bafa limene ankafinyiramo thukuta anachita chizungulire, anakomoka, n'kumenyetsa mutu. Nkhonyayo anamuchotsamo. Taganizani akanatsitsimuka msanga, anzake n'kubisa nkhaniyo, iye n'kukwera sikelo, mawa lake n'kukalandira zibakera pa mutu womwe wamenyetsa dzulo. Ubongo umene wagwedezeka kale, ukagwedezekanso usanachire, umatha kutupa mwadzidzidzi. N'chifukwa chake mabungwe amaletsa wokomoledwa kumenya kwa masabata angapo. Koma lamulolo limagwira zimene woyimbira waona. Zochitikira m'bafa la ku hotela kapena pophunzira m'jimu zimadziwika ndi wosewera ndi kochi wake okha.

Pa 2 Ogasiti 2025, ku Korakuen Hall mumzinda wa Tokyo, anyamata awiri a zaka 28, Shigetoshi Kotari ndi Hiromasa Urakawa, anamenya nkhonya zosiyana usiku umodzi. Onse awiri anatuluka magazi atakha m'kati mwa chigaza, onse anachitidwa opaleshoni, ndipo patatha sabata onse anali atamwalira, motsatizana tsiku limodzi. Chimene chinawapha ndi nkhonya za kumutu. Koma akuluakulu a nkhonya ku Japan atakhala pansi mwadzidzidzi, kuwonjezera pa kuchepetsa maraundi a nkhonya zina zolimbirana lamba kuchoka pa 12 kufika pa 10 ndi kulamula kuti ambulansi izikhalapo, anagwirizana zoyamba kupima mkodzo wa osewera kuti aone ngati ali ndi madzi okwanira. Anthu amene amaona nkhonya sabata iliyonse anadziwa kumene ayenera kuyang'ana.

Kodi chizolowezichi chimayambira kuti? Guilherme Artioli ndi anzake a ku yunivesite ya São Paulo anafunsa osewera judo oposa 800 ku Brazil, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2010. Pafupifupi 86 pa 100 alionse anati amatsitsa sikelo mpikisano ukayandikira. Pa avereji, anayamba ali ndi zaka 12 kapena 13. Atafunsidwa kuti anawaphunzitsa ndani, ambiri sanatchule dokotala kapena katswiri wa zakudya. Anatchula kochi ndi anzawo ophunzira nawo. Apa ndi pamene ine ndimaona muzu wa nkhani yonse. Mwana wa zaka 12 sadzuka yekha n'kuganiza zogona ndi njala kuti alowe m'gulu la ang'onoang'ono. Pali wamkulu amene anaona kuti m'gulu lapansilo muli mendulo yosavuta. Mwanayo akukula, mafupa akutalika, thupi likufuna chakudya, koma akuuzidwa kuti akhale pa kulemera kwa chaka chatha. Kwa atsikana, kudzimana kotereku kumatha kuimitsa msambo ndi kufooketsa mafupa, ndipo mafupa ofooka ndi amene amang'aluka akamathamanga ndi kulumpha tsiku ndi tsiku. Ena amasiya masewera koma mantha a chakudya amawatsata mpaka ukulu.

Aphunzitsi ambiri amene amachita izi si anthu oipa mtima. Nawonso anadutsa momwemo, anapulumuka, ndiye amakhulupirira kuti njirayo ndi yabwino. Akamanena kuti ife tinkachita zimenezi ndipo tili moyo, akunena zoona. Kungoti amene sanapulumuke sali pano kuti ayankhe.

Chimene chimandipatsa chiyembekezo n'chakuti malamulo akasintha, khalidwe limasintha. Atamwalira ophunzira atatu aja, bungwe la NCAA, loyendetsa masewera m'mayunivesite a ku America, silinadikire kuti nyengo ya masewera ithe. Kumayambiriro kwa 1998 linaletsa zovala za pulasitiki, sauna ndi mapiritsi okodzetsa, linawonjezera mapaundi asanu ndi awiri pa gulu lililonse, ndipo linabweretsa sikelo pafupi ndi nthawi yogwetsana, kuti wodzifinya asakhale ndi mpata wobwezeretsa. Pambuyo pake linayamba kupima wosewera aliyense kumayambiriro kwa nyengo ya masewera, ali ndi madzi okwanira, n'kumuikira mlingo umene sangatsike kupyola, komanso malire a zimene angatsitse pa sabata. Pa jiu-jitsu ya ku Brazil, bungwe la IBJJF limapima munthu atavala kale yunifolomu yake, kutatsala mphindi zochepa kuti alowe. Pa judo ya dziko lonse amapima madzulo, koma m'mawa mwake amasankha ena mwamaere n'kuwapimanso, ndipo wokwera kupitirira magawo asanu pa 100 pamwamba pa mlingo wa gulu lake amachotsedwa. Pa nkhonya, bungwe la IBF lili ndi lamulo lopimanso omenyera lamba wake m'mawa wa tsiku la nkhonya, osalola kukwera ndi mapaundi oposa 10. Nayo ONE Championship, pasanathe mwezi chimwalirireni Yang, inaletsa kutsitsa sikelo podzimana madzi, inakweza milingo ya magulu ake, ndipo inayamba kupima mkodzo pamodzi ndi kulemera.

Palibe lamulo mwa amenewa limene lilibe pozembera, ndipo osewera ena amapeza njira zonamizira zipangizo zopimira. Koma onse akuloza kumodzi: munthu amenye pa kulemera kumene amayenda nako masiku onse. Chowawa n'chakuti angapo mwa malamulowa analembedwa maliro atachitika kale.

Mwina wina anganene kuti izi ndi za kutali, za maiko okhala ndi ma sauna. Koma kuno sitifunika sauna. Dzuwa la Okutobala ku Chikwawa, ku Salima kapena ku chigwa cha Luangwa limagwira ntchito yomweyo, ndipo si zachilendo kukumana ndi mnyamata akuthamanga masana atavala juzi ndi jekete, m'kati atakulunga mapepala a pulasitiki, akuti akuwotcha mafuta. Sakuwotcha mafuta, akutaya madzi amene abwerere akangomwa. Omenya nkhonya athu ambiri amapeza ndalama yooneka akaitanidwa kunja, ndipo kuitanidwako nthawi zina kumabwera mochedwa, pa kulemera kumene wasankha mwini bwalo. Amayenda ulendo wautali pa basi, osamwa poopa sikelo, n'kukafika kumene sadziwa chipatala chili kuti. Zimene zinamugwera Souza sizikusowa chilichonse kuti zichitikenso kwa mwana wa kwathu. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndiye ndilankhule ndi inu amene muli pafupi ndi ana amenewa.

Inu aphunzitsi, mumadziwa kulemera kwa wosewera wanu pa tsiku wamba, atadya ndi kumwa. Gulu lake lisankhidwe kuchokera pa nambala imeneyo, osati pa nambala imene mukuganiza kuti angafike atavutika. Ngati pali mafuta ofunika kuchotsa, ntchitoyo ndi ya miyezi iwiri kapena itatu, theka la kilogalamu pa sabata, akudya ndi kumwa. Foni ikabwera kutatsala masiku ochepa ndipo kusiyana kwake n'kwakukulu, wokana akhale inu, chifukwa mnyamatayo sangathe kukana yekha: ali ndi njala ya mwayi, ndipo amaopa kukukhumudwitsani. Ngati anakomoka kapena kugwedezeka mutu pophunzira, musabise. Ndipo mwana amene sanakwanitse zaka 18 asatsitse sikelo chifukwa cha mpikisano ngakhale pang'ono. Akakula, akwere gulu.

Inu makolo, mwana akayamba kukana nsima mpikisano ukayandikira, akamalavula malovu pafupipafupi, akamadzipima kangapo pa tsiku, kapena mukapeza mapiritsi amene sanalembedwe ndi dokotala, pitani mukaonane ndi kochi wake maso ndi maso. Mufunseni kuti mwanayu akumenya pa makilogalamu angati, ndipo amalemera angati masiku onse. Muli ndi ufulu wofunsa zimenezo, ndipo kochi wabwino sangakwiye nazo.

Ndipo inu anzake ophunzira naye, nthawi zambiri ndinu amene mumakhala naye pa ola loopsalo, m'chipinda chogona alendo kapena pamsewu akuthamanga. Mukaona kuti akuyankha zosagwirizana ndi funso, akuyenda dzandidzandi, akukwiya popanda chifukwa, akusanza, minofu ikukokana, mtima ukuthamanga ngakhale wakhala pansi, kapena watha maola ambiri osakodza ndipo mkodzo ukatuluka ndi wakuda, nkhani ya sikelo yathera pomwepo. Musamufunse ngati angapirire pang'ono, chifukwa adzati inde. Muvuleni pulasitiki ndi zovala zolemera, mugonekeni pamthunzi, mumuthire madzi ozizira thupi lonse ndi kumukupiza, ndipo ngati pali ayezi muikeni m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche. Ngati ali maso ndipo akutha kumeza, mumwetseni pang'onopang'ono madzi a ORS. Ngati wakomoka musamuthire kanthu m'kamwa, mugonekeni cham'mbali. Kumuziziritsa kuyambe nthawi yomweyo ndipo kupitirire m'galimoto popita kuchipatala. Mukafika, auzeni adokotala zonse mosabisa: maola amene watha osamwa, makilogalamu amene watsitsa ndi masiku ake, ndiponso dzina la mapiritsi alionse amene wamwa, ngakhale akhale oletsedwa pa masewera.